Khoti Lomangidwa ndi Njerwa za Ndende

Mu mzinda wa Johannesburg, umene Amalawi opita ku migodi adazolowera kuutchula kuti Joni, muli chitunda china chimene chili pakati pa dera la Braamfontein kumadzulo ndi dera la Hillbrow kum'mawa. Pamwamba pa chitundacho pali nyumba ya khoti lalikulu koposa makhoti onse a m'dziko la South Africa, khoti loona za malamulo aakulu oyendetsera dziko, limene dzina lake ndi Constitutional Court. Mlendo amene amapita kumeneko akuyembekeza kukaona chinyumba cha nsanamira zamwala ndi makwerero ataliatali oopsetsa munthu wosauka amabwerako atadabwa, pakuti nyumbayo siyotero. Chodabwitsa china n'chakuti mbali ina ya makoma ake idamangidwa ndi njerwa zakale, zina zobenthuka, zimene zidachotsedwa pa ndende imene idasautsa anthu akuda kwa zaka zambirimbiri pa malo omwewo.

Mbiri ya chitundachi idayamba ndi golide. Miyala ya mtengo wapataliyi itapezeka ku Witwatersrand m'chaka cha 1886, anthu adakhamukirako kuchokera kumbali zonse za dziko lapansi ngati ntchentche pa chilonda, ndipo pasanathe zaka khumi malo amene adali thengo adasanduka mzinda. Boma la Mabunu la Transvaal, limene mtsogoleri wake adali Paul Kruger, lidamanga ndende pa chitundapo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1890. Kumapeto kwa 1895 Mngerezi wina, Leander Starr Jameson, adalowa m'dzikomo ndi gulu la ankhondo pofuna kugwetsa boma la Kruger. Chiwembucho chidalephereka, koma Mabunu adatengerapo phunziro. Kuyambira 1896 mpaka 1899 adazinga ndende ija ndi linga la mtumbira waukulu wadothi, naikapo mizinga. Lingalo silidamangidwe kuti liteteze mzinda kwa adani ochokera kutali okha ayi, koma kuti alendo okumba golide, amene ambiri adali Angerezi, azikweza maso n'kukumbukira mwini dziko. Nkhondo ya Mabunu ndi Angerezi itabuka, Angerezi adalanda Johannesburg m'chaka cha 1900, ndipo nkhondoyo itatha malowo adabwerera pa ntchito yake yakale yotsekera anthu.

Tsono ndendeyo idakula monga momwe mzinda unkakulira, ndipo idagawidwa motsata khungu la munthu. M'kati mwa linga lenilenilo, limene limatchedwa Old Fort, munkakhala akaidi aamuna achizungu. Amuna akuda adawamangira chigawo chawochawo chimene chidatchuka ndi dzina loti Number Four. Cha m'ma 1910 padamangidwa ndende ya amayi, nyumba ya njerwa zofiira yooneka bwino kunja kwake, ndipo m'chaka cha 1928 padaonjezedwa chigawo chosungiramo anthu oyembekezera kuzengedwa milandu.

Dzina loti Number Four linkachititsa nthumanzi munthu wakuda aliyense wa mu Joni, ndipo padali chifukwa. M'zipinda zimene zidamangidwira anthu owerengeka munkathithikana anthu ochuluka zedi, ogona pansi mopanikizana moti wina akafuna kutembenuka anzake ankadzuka. Malo abwino pang'ono ankalandidwa ndi akuluakulu a magulu a zigawenga, pamene mkaidi watsopano ankagona pafupi ndi chimbudzi. Ngakhale chakudya chidali ndi tsankho: mzungu, Mmwenye, mkaladi ndi munthu wakuda aliyense adali ndi muyeso wake, ndipo wakuda ndiye ankalandira chochepa ndi chosakoma. Koma chimene anthu otuluka m'menemo sankachiiwala ndi mchitidwe wotchedwa tausa. Akaidi akabwera kuchokera kokagwira ntchito ankawavula zovala zonse pabwalo, n'kuwalamula kuti adumphe m'mwamba atatambasula miyendo ndi manja, kenaka awerame pamaso pa msilikali wa ndende, ati pofuna kuona ngati sadabise kanthu m'thupi. Bambo wa imvi ankachita zimenezi pamaso pa mnyamata wa msinkhu wa mdzukulu wake. Kwa munthu woleredwa m'mwambo wa kuno ku Africa, kumene mwana saona maliseche a mkulu, chipongwe choposa pamenepa n'chosowa.

Dziko lidadziwa za nkhanzazi kaamba ka kulimba mtima kwa atolankhani awiri a magazini ya Drum. M'chaka cha 1954 Henry Nxumalo adachita dala kuphwanya lamulo laling'ono kuti amangidwe, ndipo atatuluka adalemba zonse zimene adaona ndi maso ake. Mnzake Bob Gosani adakwera pamwamba pa nyumba ina yoyandikana ndi ndendeyo najambula zithunzi za akaidi akuchita tausa. Mawu a munthu wakuda boma likadatha kuwakana, koma chithunzi chidalibe pokanira.

Mabuku a mbiri amakonda kutchula mayina a anthu otchuka amene adalowa pa zipata zimenezi, ndipo mayinawo ndi ambiridi. Mohandas Gandhi, amene pambuyo pake adatsogolera dziko la India pomenyera ufulu, adatsekeredwa m'menemu m'chaka cha 1908 chifukwa chokana lamulo lokakamiza Amwenye kulembetsa ndi kuyenda ndi zitupa. Mu Disembala 1956 boma lidagwira anthu 156 n'kuwaimba mlandu woukira boma. Mwa iwo mudali Albert Luthuli, Oliver Tambo, Walter Sisulu, Nelson Mandela, Lilian Ngoyi ndi Helen Joseph. Mlanduwo udatha mu 1961 popanda ndi mmodzi yemwe wopezeka wolakwa. Albertina Sisulu ndi Winnie Mandela adali m'gulu la amayi amene adamangidwa mu 1958 pokana zitupa, Robert Sobukwe adalowamo mu 1960, ndipo ana a sukulu ambiri adaponyedwamo pambuyo pa zipolowe za ku Soweto za mu 1976. Komabe m'pofunika kukumbukira kuti ochuluka mwa akaidiwo sadali andale kapena mbava. Adali anthu wamba: bambo amene adaiwala chitupa chake m'thumba la jekete lina, mayi wofulula mowa kuti apeze ya sukulu ya ana, mnyamata amene mdima udamugwera ali m'dera la azungu. Mayina awo sadalembedwe m'buku lililonse la sukulu, koma ndiwo adadzaza zipinda zija usiku ndi usiku mpaka ndendeyo idatsekedwa m'chaka cha 1983.

Kuti munthu amvetse chifukwa chimene khoti latsopano lidamangidwira momwe liliri, ayenera kuyamba waona khoti lakale. Ku Pretoria, pa bwalo lotchedwa Church Square, pali chinyumba chotchedwa Palace of Justice, chimene mapulani ake adajambula ndi katswiri wa ku Holland, Sytze Wierda, ndipo mwala wa maziko ake adaika ndi Kruger mu 1897. N'chinyumba chokongola, cha nsanja ndi nsanamira monga zinyumba za mafumu a ku Ulaya. Pansi pake pali tizipinda ta akaidi, ndipo woimbidwa mlandu ankachita kukwera makwerero kuchokera mu mdima n'kutulukira m'bokosi, pamaso pa woweruza wokhala pamwamba. M'nyumba imeneyi ndimo mudazengedwa mlandu wa Rivonia, ndipo pa 12 Juni 1964 woweruza Quartus de Wet adalamula kuti Mandela ndi anzake asanu ndi awiri akakhale kundende moyo wawo wonse. Kamangidwe kotere kali ndi uthenga wake: kamamuuza munthu kuti iye ndi wamng'ono ndipo boma ndi lalikulu, asanatsegule n'komwe pakamwa.

Ulamuliro watsankho utatha mu 1994, malamulo atsopano adakhazikitsa khoti la majaji 11 lokhala ndi mphamvu yothetsa lamulo lililonse, ngakhale lopangidwa ndi nyumba ya malamulo, ngati likutsutsana ndi ufulu wa anthu. Mkulu wake woyamba adali Arthur Chaskalson, mmodzi mwa maloya amene adaimirira Mandela pa mlandu wa Rivonia uja. Potsegulira khotilo pa 14 Febuluwale 1995, Mandela adakumbutsa anthu kuti ulendo womaliza umene iye adaimirira m'khoti kudali kukamva ngati anyongedwe kapena ayi. M'mawa mwake khotilo lidayamba kumva mlandu wake woyamba, wa Makwanyane, umene funso lake lidali lomwelo la chilango cha imfa. Dziko la South Africa lidali limodzi mwa mayiko onyonga anthu kwambiri. Ku ndende yaikulu ya ku Pretoria ankatha kunyonga anthu asanu ndi awiri nthawi imodzi, ndipo m'chaka cha 1987 chokha adanyongako anthu 164. Pa 6 Juni 1995 majaji onse 11 adagwirizana kuti chilangocho chithe. Chigamulo chachikulu choterechi chidaperekedwa m'nyumba ya maofesi yochita kubwereka ku Braamfontein, pakuti khotilo lidalibe kwawo.

Majaji adayendera malo angapo pofunafuna pomanga, ndipo pomaliza adasankha chitunda cha ndende ija, imene panthawiyo idali bwinja lomera udzu. Kusankhaku kudali kwa dala. Adafuna kuti malo amene ufulu wa munthu udaponderezedwa koposa akhale malo omwewo outetezera, ndiponso kuti khoti likhale pafupi ndi anthu wamba a ku Hillbrow, osati kumpanda kwa anthu olemera. Mu 1997 boma lidalengeza mpikisano wojambula mapulani, umene aliyense wa m'dziko lililonse adali ndi ufulu wolowa nawo. Opambana adali achinyamata a m'dziko momwemo: Janina Masojada ndi Andrew Makin a ku Durban, pamodzi ndi Paul Wygers wa ku Johannesburg. Pulezidenti Thabo Mbeki adatsegulira nyumbayo pa 21 Malichi 2004, tsiku lokumbukira anthu 69 amene apolisi adawaombera ku Sharpeville mu 1960.

Kuti malo omangapo apezeke, chigawo cha oyembekezera milandu chija chidagwetsedwa. Ichi sichidali chinthu chopepuka, popeza kugwetsa nyumba yotere kuli ngati kufafaniza umboni. Omanga adapeza njira yapakati. Adasiya makwerero anayi a nyumbayo ali chiimire, ndipo njerwa zake pafupifupi 150,000 adazisunga n'kuzigwiritsanso ntchito. Zina zidamanga khoma la m'chipinda chozengera milandu, kumbuyo kwenikweni kwa mipando ya majaji, ndipo adazisiya zosapaka pulasitala kapena penti. Zina adayala pa njira ya makwerero yotchedwa Great African Steps, imene imadutsa pakati pa khoma la Number Four ndi khoma la khoti, kotero kuti woyenda pamenepo amakhala ndi ndende kudzanja lina ndi khoti kudzanja linalo.

Ganizo lalikulu la nyumba yonseyi ndi la chilungamo cha pansi pa mtengo. Chizindikiro cha khotili si sikelo kapena lupanga monga zimakhalira m'makhoti ambiri, koma mtengo umene anthu akuda ndi oyera abisala mumthunzi mwake. Mchewa savutika kumvetsa zimenezi, pakuti mawu akuti bwalo, amene lero amatanthauza khoti, poyamba ankanena malo osesedwa bwino pansi pa mtengo wa kachere kapena mkuyu pamene mfumu ndi nduna zake ankakhala pomva milandu. Asotho ndi Atswana ali ndi malo otero amene amawatcha kgotla. Pabwalo lotere palibe chitseko. Wodutsa ndi mtolo wa nkhuni amatha kutula n'kumvetsera, ndipo mfumu ikapotoza mlandu mudzi wonse umaona. Kunena zoona, bwalo la makolo silidali langwiro. Kawirikawiri mawu a mayi kapena a mnyamata sankalemera ngati a bambo wachikulire, ndipo mfumu yokonda mbuzi za chiphuphu idalipo kuyambira kale. Chimene omanga adatengako ndi kuonekera poyera kwa zonse, ndipo pa chimenecho sadalakwe.

Mlendo akafika amayamba waona dzina la khotilo litalembedwa pakhoma ndi zilembo za mitundumitundu m'zilankhulo 11 zimene zidali zovomerezeka ndi boma panthawiyo. Chilankhulo cha manja cha anthu osamva chidaonjezedwa kukhala cha 12 m'chaka cha 2023, koma pa zitseko za khotili chidalipo kale: zitseko zamatabwa zitalizitali za pakhomo zidasemedwa mawu ndi zizindikiro za manja zofotokoza maufulu 27 a m'malamulo a dzikolo. Akalowa m'kati amapezeka m'chipinda chachikulu cholandirira anthu, m'mene nsanamira zake sizidaime chilili koma zidapendekeka uku ndi uku ngati mitengo ya m'nkhalango, zitakongoletsedwa ndi timiyala tobiriwira ndi tofiirira. Denga lake ndi la konkire, koma lili ndi timipata tagalasi tolowetsa dzuwa, motero kuwala kumagwa pansi mwa mawangamawanga monga kumachitira pansi pa mtengo wa masamba, ndipo kumasuntha dzuwa likamayenda. Pa mitanda ya konkire padadindidwa mawu atatu, ulemu wa munthu, kufanana ndi ufulu, m'zilembo za pamanja za majaji amene adalipo pomanga. Zilembo zina n'zokhotakhota, ndipo adazisiya momwemo.

Chipinda chozengera milandu ndicho chimaphunzitsa zambiri. Majaji, amene amavala mikanjo yobiriwira, sakhala pamwamba potalikira anthu monga ku Pretoria kuja. Kutsogolo kwa mipando yawo kudakutidwa ndi zikopa za ng'ombe za mtundu wa Nguni, chikopa chimodzi pa jaji aliyense. Zonse n'za ng'ombe, koma palibe ziwiri zofanana mawanga, kusonyeza kuti khoti ndi limodzi koma jaji aliyense ali ndi ufulu woganiza payekha. Mulinso mbendera yaikulu ya dzikolo yolukidwa ndi mikanda. M'chipindamo mulibe bokosi la woimbidwa mlandu, chifukwa ntchito ya khotili ndi kumva mfundo za maloya pa zimene malamulo akunena. Ndipo m'khoma muli zenera lalitali chopingasa koma lalifupi msinkhu, limene lidalinganizidwa ndi njira ya kunja mwakuti wokhala m'kati amangoona miyendo ya anthu odutsa. Nkhope saziona. Jaji akakweza maso amakumbutsidwa kuti kunjako kuli anthu amene chigamulo chake chidzawakhudza, ndipo sangathe kudziwa bwinobwino kuti wodutsayo ndi yani.

M'makonde a nyumbayi muli zithunzi ndi zosemasema zambiri. Ntchito yozisonkhanitsa adaiyamba ndi majaji awiri, Yvonne Mokgoro ndi Albie Sachs, amene mu 1994 adapatsidwa ndalama zokwana R10,000 zokha kuti akongoletsere khoti. Sachs ndi munthu amene adaduka mkono ndi kuwonongeka diso limodzi pamene bomba limene akazitape a boma latsankho adatchera m'galimoto yake lidaphulika ku Maputo mu 1988. Mwa zonse zimene zili m'menemo, chimene chimaimitsa anthu ambiri ndi diresi la buluu losokedwa ndi mapepala a pulasitiki, ntchito ya mayi waluso Judith Mason. Adalisoka pokumbukira Phila Ndwandwe, mtsikana womenyera ufulu amene apolisi adamugwira mu 1988, namusunga ali maliseche pofuna kuti aulule anzake, kenaka n'kumupha. Mafupa ake atafukulidwa patapita zaka, adapezeka ndi kapepala ka pulasitiki m'chiuno, kamene adayesa kubisira thupi lake.

Funso limene wophunzira wanzeru angafunse ndi lakuti, kodi nyumba yokongola imabala chilungamo? Yankho lake lili m'milandu, ndipo si lonse lokoma. M'mwezi womwewo wa Malichi 2004, pa mlandu wa Khosa, khotili lidagamula kuti anthu ochokera ku Mozambique amene adali ndi chilolezo chokhazikika m'dzikomo ayenera kulandira nawo thandizo la boma la okalamba ndi la ana, popeza malamulo amati ufuluwo ndi wa aliyense, osati wa nzika zokha. Chikhalirecho, patangopita zaka zinayi, mu Meyi 2008, anthu 62 adaphedwa pa zipolowe zothamangitsa alendo, ndipo Amalawi ambiri adabwerera kwawo pa mabasi atasiya katundu yense. M'chaka chomwecho adamwalira Irene Grootboom, mayi amene mu 2000 adapambana mlandu wotchuka wokhudza ufulu wokhala ndi pogona. Adamwalira akukhalabe m'chisakasa. Khoti limagamula, koma lilibe makasu kapena simenti.

Komabe pali masiku ena amene njerwa zija zidaona zimene akaidi a mu Number Four sakadalota. Pa 31 Malichi 2016, jaji wamkulu Mogoeng Mogoeng adawerenga chigamulo chakuti Pulezidenti Jacob Zuma adalephera kulemekeza malamulo a dziko pa nkhani ya ndalama za boma zimene zidagwiritsidwa ntchito kumudzi kwake ku Nkandla pomangira, mwa zina, dziwe losambiramo, khola la ng'ombe ndi khola la nkhuku. Zuma adabweza R7.8 miliyoni. Pa 29 Juni 2021, atachoka kale pampando, khoti lomweli lidamulamula kukakhala kundende miyezi 15 chifukwa chonyozera lamulo lake lakuti akaonekere ku bungwe lofufuza za katangale. Akuluakulu adati mlandu suola, koma mtengo wa chigamulochi udali wowawa: zipolowe zimene zidatsatira ku KwaZulu-Natal ndi ku Gauteng zidapha anthu oposa 300. Mu Januwale 2022 munthu wina adafika ndi hamala naswa magalasi a mawindo a khotilo. Nyumba yomangidwa kuti aliyense aifike pafupi, wa hamala nayenso amaifika.

M'chaka cha 2024 bungwe la UNESCO lidaika chitundachi, chimene tsopano chimatchedwa Constitution Hill, m'kaundula wa malo ofunika pa mbiri ya dziko lonse lapansi, pamodzi ndi malo ena okhudza moyo wa Mandela ndi nkhondo yomenyera ufulu. M'chaka chomwecho Mandisa Maya adakhala mayi woyamba kusankhidwa kukhala jaji wamkulu wa dzikolo. Number Four, Old Fort ndi ndende ya amayi sizidagwetsedwe. Zidasanduka nyumba zosungiramo mbiri, ndipo ana a sukulu amabwera pa mabasi kudzaziona. Owaperekeza amayamba awalowetsa m'tizipinda tamdima ta kumapeto kwa Number Four, m'mene ankatsekera mkaidi payekha, kuti awerenge mayina ndi masiku amene akaidi adakanda pa zitseko zachitsulo. Akatuluka m'menemo amawatsogolera ku khoti, ndipo ngati tsikulo kuli mlandu, anawo amaloledwa kulowa n'kukhala pa mipando ya anthu onse kuti amvetsere.